Zaka 20 chimwalirireni Abusa Stanley Grenz

Mlembi wa Gulu
Mwadzuka bwanji nonse. Chikumbutso cha mapemphero a Lachitatu ndiponya masana. Pakali pano Abusa Opuma apempha mpata, akuti ali ndi mawu. Bambo a Yamikani, malonda a nkhuku aja lero apumeko kaye.

Bambo a Yamikani
Ndamva a Mlembi 😂 nkhuku zidikira.

Abusa Opuma
Zikomo a Mlembi. Abale anga, lero ndi pa 12 Marichi. Tsiku ngati lomweli m'chaka cha 2005, linali Loweruka, ku Vancouver m'dziko la Canada kunamwalira mbusa wa Baptist amene analinso mphunzitsi wa zaumulungu, a Stanley Grenz. Zaka 20 zakwana lero. Anapita ali ndi zaka 55 zokha, ndipo sanagone pamphasa ayi. Mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Bambowa sindinagwirane nawo chanza, koma ndimawawerengera m'gulu la aphunzitsi anga. Mu 1998 mmishonale wina pobwerera kwawo anandisiyira katoni ya mabuku. Ambiri anali a kayendetsedwe ka mipingo ya kwawoko, osatithandiza kwenikweni kuno. Koma pansi penipeni panali chibuku chonenepa, Theology for the Community of God, chomwe a Grenz anatulutsa mu 1994. Nthawi imeneyo ndinali pa mpingo wa kumudzi, magetsi kulibe. Ndinaliwerenga ndi koloboyi miyezi isanu ndi iwiri, dikishonale ili pambali, mpaka mayi akunyumba anayamba kudandaula za palafini.

Uthenga wa imfa yawo unandipeza patapita miyezi. Ndinakhala pakhonde duu, ngati wamwalirayo ndi malume anga enieni. Mayi anandifunsa kuti maliro ali kuti, ine n'kusowa poyambira kufotokoza.

Bukulo ndinabwereketsa mu 2011 kwa munthu wina amene ali pa gulu lino. Silinabwerebe. Sinditchula dzina.

Make Tadala
Iii Abusa, mwayamba ndi maliro n'kumalizira ndi mlandu 😂

Adikoni a ku Chipata
Amene ali ndi buku la Abusa adziulule, masiku ano ndi a kulapa.

Wachaka Chachiwiri
Pepani Abusa, ine dzinali ndimangolipeza m'munsi mwa masamba a mabuku ena. Ndinkaganiza kuti ndi Mjeremani wakalekale, wa nthawi ya Luther. Kani ndi wa dzanadzanali?

Aphunzitsi a ku Zomba
Sunalakwitse kwambiri mwana wanga, dzinalo ndi la Chijeremani ndithu, koma iwo anabadwira ku America, m'tauni ya Alpena ku Michigan, pa 7 Januwale 1950. Anali mwana wa mbusa. Anayamba maphunziro ku yunivesite ya Colorado, zaubusa anakachita ku seminale ya ku Denver, ndipo anadzozedwa mu 1976. Kenako anawoloka nyanja kupita ku Munich kukaphunzira pansi pa Wolfhart Pannenberg, mmodzi mwa akadaulo a zaumulungu a ku Germany a nthawi imeneyo, wa mpingo wa Lutheran.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti atafika ku Munich sanasankhe mutu wodzionetsera. Analemba za Isaac Backus, mbusa wa Baptist wa ku New England wa m'zaka za m'ma 1700, amene ankalimbana ndi lamulo lokakamiza Abaptist kukhoma msonkho wolipirira abusa a mpingo wa boma. Tangoganizani, munthu ali pakati pa maprofesa a ku Germany, koma mtima uli pa mbusa wa kumudzi wokana msonkho.

Atabwerera anakaweta mpingo ku Winnipeg, ku Canada, kuyambira 1979 mpaka 1981. Kuchoka apo anaphunzitsa ku seminale ya North American Baptist ku Sioux Falls, South Dakota, mpaka 1990, ndiye n'kusamukira ku Vancouver, ku Carey Theological College, uku akuphunzitsanso ku Regent College. Anatulukako chaka chimodzi kupita ku Baylor ku Texas mu 2002, koma anabwereranso ku Vancouver komweko.

Malume a ku Vancouver
Moni kumudzi. Kuno kudakali usiku koma ndili pa shifiti, ndiye ndaona. Carey ndi Regent zonse zili mkati mwa bwalo la yunivesite ya British Columbia, chakumapeto kwa mzinda, kufupi ndi nyanja. Ndimadutsako ndikamapita kukatenga mwana. Mpingo umene a Grenz ankapemphera ndi First Baptist, pa msewu wa Burrard m'katikati mwa tauni, chinyumba cha miyala chakalekale chomwe pano chazunguliridwa ndi nyumba zazitali. Mayi akunyumba kwawo ndiwo ankatsogolera za chipembedzo ndi nyimbo pamenepo, ndipo pulofesayo Lamulungu ankangokhala mmodzi wa oyimba, gitala ndi lipenga. Ine ndinafika kuno iwo atamwalira kale.

Amayi Busa
Ndiye kuti Lamulungu pulofesa ankamvera malangizo a mkazi wake kuti nyimbo iyambire pati? Abambo a pa gulu lino mwamva?

Bambo a Yamikani
Netiweki yavuta Amayi Busa, uthenga wanu sunafike bwino.

Wachaka Chachiwiri
Koma Abusa, m'bukumo munapezamo chiyani chofika potha palafini wa miyezi isanu ndi iwiri? Ife mabuku a ziphunzitso timawerenga chifukwa cha mayeso basi.

Abusa Opuma
Funso labwino. Ndiyankha monga ndinamvera ine, osati monga pulofesa.

Ife tinaphunzitsidwa Utatu ngati samu yovuta: atatu koma mmodzi, mmodzi koma atatu, uloweze, ukhoze mayeso, usafunse zambiri. Pa guwa sindinkaulalikira n'komwe, chifukwa ndinkaona kuti palibe chimene mayi wogulitsa tomato angatolepo. A Grenz anautenga Utatu uja n'kuuika pa chiyambi cha zonse. Ankati taonani 1 Yohane 4:8, Mulungu ndiye chikondi. Nanga dziko lisanalengedwe ankakonda yani? Chikondi sichikhala pa munthu mmodzi. Ndiye kuti kuyambira kale lomwe Atate akonda Mwana, Mwana akonda Atate, ndipo Mzimu ndiye chikondi chowamanga pamodzi. Mulungu mwini wake ndi chiyanjano.

Ukangovomera zimenezo, zina zonse zimasuntha. Pa Genesis 1:26 akuti tipange munthu m'chifanizo chathu. Ngati Mulungu ali chiyanjano, chifanizo chake sichingaoneke mwa munthu ali yekha m'chipinda, chimaoneka anthu akakhala pamodzi. Tchimo ndiye kuphwanya chiyanjanocho, ndi Mulungu, ndi anzako, ndi chilengedwe chomwe. Chipulumutso si tikiti ya munthu mmodzi yokwerera basi ya kumwamba, koma kubwezeredwa m'banja. Ndipo mathero a zonse ndi Chivumbulutso 21, Mulungu kumanga msasa wake pakati pa anthu.

Nthawi imeneyo pa mpingo wanga panali mabanja awiri olimbirana malire a munda. Onse ankabwera ku mgonero, wina kukhala uku wina uko, zaka zitatu osapatsana moni. Ine ndinkati bola aliyense ali bwino ndi Yesu wake. Nditamaliza buku lija ndinachita manyazi. Ndinaimitsa mgonero miyezi iwiri, ndinayenda ndi adikoni mpaka kumundako, tinakhala pansi ndi anyakwawa. Sikuti zinatha mokoma ngati m'nthano, banja limodzi linachoka ndithu. Koma kuyambira pamenepo sindinagawenso mkate mwachisawawa.

Make Tadala
Apa mwandigwira mtima Abusa. Ife a kwaya timaimba za Yesu wanga, Yesu wanga, koma wa alto ndi wa soprano osayankhulana chichokereni Khirisimasi.

Mnyamata wa ku Joni
Ndiloleni ndisokoneze pang'ono akuluakulu. Zonse mwanenazi agogo anga ankazidziwa osapita ku Munich. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ndiye mzungu akalemba masamba mazanamazana kuti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, ife tiziombera m'manja? Anthu a kwawoko ndi amene amafunika kuuzidwa zimenezi, poti aliyense amatseka geti lake. Ife umunthu tinayamwira.

Aphunzitsi a ku Zomba
Mbali ina ukunena zoona. A Grenz ankalembera anthu a ku North America, kumene chikhristu chinasanduka nkhani ya ine ndi Mulungu wanga, ndipo iwo ankadziwa kuti akulimbana ndi matenda a kwawo. Komanso si iwo anayamba kunena zoti munthu sakhala yekha. John Mbiti wa ku Kenya analemba za zimenezi mu 1969, ndipo kwathu kuno a Augustine Musopole analimbikira kwambiri kuti umunthu ukhale poyambira polankhula za Mulungu. Ophunzira athu aziwerenga amenewa kaye.

Koma pali kusiyana. Umunthu wa agogo umayambira pansi, pa mudzi, pa mtundu, pa maliro ndi zinkhoswe. A Grenz anayambira kumwamba, mwa Mulungu mwini. Ukayambira pa mudzi, chiyanjano chimathera pamene mudzi wathera. Ukayambira mwa Mulungu, malire aja alibenso mphamvu.

Mnyamata wa ku Joni
Mawu okoma, koma m'mipingo mwathu malirewo alipobe.

Amayi Busa
Alipo, n'chifukwa chake sitinganene kuti tinayamwira ndiye basi. Iwe uli ku Joni, ukudziwa bwino. Amene amathamangitsa alendo kumeneko sadziwa mawu oti ubuntu? Amawadziwa bwino kuposa ife. Ndipo kwathu kuno, nkhalamba imene akuiponya miyala poiganizira ufiti, amaiponya ndi anthu a m'mudzi mwake momwe, ena mwa iwo adzukulu ake. Umunthu wathu ndi wokoma kwa amene tamuwerengera kuti ndi wathu. Woyimba nawo kwaya wochokera chigawo china, nthawi ya chisankho timamuona bwanji?

Mnyamata wa ku Joni
Pamenepo ndagonja Amayi. Komabe mantha anga ndi ena. Mawu oti chiyanjano ndi umodzi ndi omwe atsogoleri amagwiritsa ntchito potseka anthu pakamwa. Ukafunsa za ndalama za chitukuko akuti ukugawa mpingo. Mtsikana akadandaula za mkulu wa mpingo akuti tisunge umodzi. Chiphunzitso choika gulu patsogolo chingathe kukhala chibonga m'manja mwa munthu wolakwika.

Abusa Opuma
Usagonje msanga mwana wanga, mfundo yachiwiriyi ndi yolemera kuposa yoyamba. Ndaziona ndi maso. Chimene ndingayankhe n'chakuti mu Utatu Atate sameza Mwana, Mwana sameza Mzimu. Aliyense ali ndi dzina lake ndi nkhope yake. Umodzi wofuna kuti wina akhale chete kuti wamkulu asachite manyazi si wofanana ndi Mulungu ameneyo. Ndipo usaiwale kuti munthu analemba zimenezi ndi Mbaptist amene anathera zaka akuphunzira za Backus, munthu wokana kuti chikumbumtima chake chilamulidwe ndi gulu lalikulu.

Adikoni a ku Chipata
Ine ndili ndi funso lina. Abusa athu akale kuno sankafuna kumva dzina la Grenz. Ankati ndi mmodzi wa anthu ofewetsa Baibulo. Zinali zoona?

Aphunzitsi a ku Zomba
Mkangano umenewo unalipodi, ndipo unali wotentha. A Grenz ankati polankhula za Mulungu timamvera zinthu zitatu: Malemba, zimene mpingo wakhala ukuphunzitsa m'mibadwo yonse, ndi chikhalidwe cha anthu amene tikukhala nawo. Ankanenetsa kuti Malemba ndiwo muyeso woyesera zinazo. Koma anzawo ena anaona kuti kungolola chikhalidwe kukhala nawo pa mphasa imodzi ndi kutsegula khomo loopsa. Sanakondwerenso ndi mmene ankalankhulira za Baibulo, kuti mphamvu yake ili poti Mzimu amalankhula kudzera m'menemo kwa mpingo. Iwo ankafuna kumva kaye kuti mawu aliwonse ndi oona paokha, kaya mpingo wamva kaya sunamve.

Mu 2000 a Grenz anatulutsa buku lotchedwa Renewing the Center. Mu 2004 gulu la akadaulo, mwa iwo Millard Erickson ndi D. A. Carson, linayankha ndi lawo, Reclaiming the Center. Mukuona mitu yakeyo, wina akuti tikonzenso pakati pa chikhulupiriro chathu, enawo akuti tilandenso pakati. Chaka chotsatira a Grenz anamwalira. Ndiye mkanganowo unatsala m'malere, mbali imodzi itayankhula komaliza.

Adikoni a ku Chipata
Nanga inu Aphunzitsi muli mbali iti?

Aphunzitsi a ku Zomba
Ndili ndi mbali zonse ziwiri pa shelefu 😄 Kunena zoona, a Carson ali ndi mfundo pamene akuopa kuti choonadi chingasanduke chimene gulu lagwirizana. Koma amene amati iwo amawerenga Baibulo popanda chikhalidwe amandiseketsa. Amishonale anatiletsa ng'oma m'tchalitchi n'kutipatsa limba, ankati ndi Baibulo, chonsecho chinali chikhalidwe cha kwawo. Bola munthu wovomera poyera kuti wavala magalasi kusiyana ndi wokana kuti ali nawo pamphuno.

Amayi Busa
Musazungulire Aphunzitsi. Chimene abusa ambiri ankadana nacho si nkhani ya magalasi, ndi buku la 1995 lija, Women in the Church, limene analemba pamodzi ndi mayi Denise Muir Kjesbo. Mmenemo ananena mosabisa kuti Mzimu amapereka mphatso kwa amuna ndi akazi omwe, ndipo mpingo usatseke khomo la utumiki uliwonse chifukwa choti munthu ndi mkazi. Anadutsa m'mavesi onse amene mumatiwerengera aja oti akazi asaphunzitse kapena kulankhula mu mpingo, 1 Timoteo 2 ndi 1 Akorinto 14, sanawalumphe.

Bambo a Yamikani
Koma Amayi Busa, Paulo analemba momveka. Ine sindine wophunzira, koma pamene palembedwa kuti sindilola, ndimawerenga kuti sindilola. Ndipo si ine ndekha, a Southern Baptist ku America analemba m'chikhulupiriro chawo mu 2000 kuti ubusa ndi wa amuna, ndipo mu 2023 anachotsa mpingo waukulu wa Saddleback pa nkhani yomweyi.

Amayi Busa
Paulo yemweyo anayamikira Febe mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, ndipo anapereka moni kwa Priska amene anaphunzitsa Apolo. Ndipo a Grenz sanali wa Southern Baptist, Carey ndi sukulu ya Abaptist a kumadzulo kwa Canada. Abaptist si mtundu umodzi. Bambo a Yamikani, mpingo wanu uja abusa atachoka munakhala miyezi ingati opanda mbusa, ndipo ankayendera odwala ndi kuphunzitsa kalasi ya ubatizo ndani?

Bambo a Yamikani
Amayi a Umodzi. Koma kuyendera odwala ndi kwina, guwa ndi kwina.

Mlembi wa Gulu
Abale, nkhani iyi tinakambirana chaka chatha mpaka anthu awiri anatuluka pa gulu. Lero ndi chikumbutso cha malemu. Tiyeni tiisiye pomwepa, aliyense wanena zake.

Make Tadala
Ine chimene chikundizunguza ndi imfayo. Munthu wa zaka 55, woyimba lipenga Lamulungu, n'kungopita choncho? Kukanakhala kwathu kuno bwenzi tikuti anzake aja a buku lotsutsa amupita pansi.

Namwino wa ku Leeds
Mwanena moseka Make Tadala, koma ndi zimene zimachitikadi kwathu, ndipo anthu osalakwa amavutika nazo. Ndifotokoze pang'ono, poti odwala otere ndimawaona. Mtsempha wa magazi wa muubongo umatha kukhala ndi malo ofooka, n'kutupa pang'onopang'ono ngati chubu cha njinga chikamatulukira pa tayala long'ambika. Munthu atha kukhala nacho chotupacho zaka zambiri osamva kalikonse, akugwira ntchito bwinobwino. Tsiku lophulika, magazi amakhuthukira mozungulira ubongo. Amene apulumuka amanena kuti mutu wake umabwera mwadzidzidzi ngati wamenyedwa ndi chibonga, kuwawa koposa mutu wina uliwonse umene anamvapo. Ena amasanza, khosi kuuma, ena kukomoka nthawi yomweyo. Ena safika n'kuchipatala komwe, ngakhale kuno kumene ambulansi imabwera msanga.

Si matenda a azungu okha. Zimene zimaonjezera chiopsezo ndi BP yokwera, fodya, komanso ngati m'banja mwanu zinachitikapo. Abusa athu ambiri sayezetsa BP, amati ndili bwino mwa Ambuye, uku akugona maola anayi, maliro atatu pa sabata. Chonde kayezetseni, sizitenga mphindi zisanu. Ndipo wina akadandaula mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi, pempherani muli m'galimoto yopita kuchipatala.

Adikoni a ku Chipata
Pempherani muli m'galimoto. Ameneyu ndiye ulaliki wa lero.

Wachaka Chachiwiri
Aphunzitsi, pomwalira anali atamaliza zimene ankalemba?

Aphunzitsi a ku Zomba
Ayi. Anasiya mabuku oposa 20, koma ntchito imene ankaiona ngati yaikulu pa moyo wawo inali mndandanda wa mabuku asanu ndi limodzi. Loyamba linatuluka mu 2001, lonena za Mulungu wa chiyanjano ndi chifanizo chake mwa munthu. Lachiwiri, The Named God and the Question of Being, linatuluka mu 2005 mwini wake ali m'manda. Anayi otsalawo anapita nawo. Mphunzitsi wawo Pannenberg, amene anali wamkulu kwa iwo ndi zaka zoposa 20, anakhalabe ndi moyo mpaka 2014. Mphunzitsi kuika wophunzira wake, monga zimatichitikira kuno kawirikawiri.

Abusa Opuma
Apa ndi pamene ndimafuna tifike, ngakhale ndinayambira kutali.

A Grenz anafa ntchito ili pakati, komabe ine wa kumudzi, wa koloboyi, ndinadya nawo. Chifukwa analemba. Tsopano ndikuuzeni za mphunzitsi wanga wina, wa kwathu konkuno, amene ena achikulire pa gulu lino mukumukumbuka. Sinditchula dzina, banja lake lilipo. Bambo amene aja ankadziwa Chihebri ndi Chigiriki, koma akamaphunzitsa Aroma ankafotokoza m'Chichewa choti ngakhale agogo ako amva. Kulungamitsidwa ankakufotokoza ndi mlandu wa pabwalo la mfumu, chiombolo ankachifotokoza ndi mbuzi yolipira chindapusa cha mphwako. Sindinamveponso munthu wina akuphunzitsa choncho. Naye anagwa mwadzidzidzi, akuchokera ku maliro a membala, pa njinga.

Zonse ankaphunzitsa zinali m'makope a sukulu, olemba pamanja, odzaza sutikesi. Titaika maliro tinalonjezana ife ophunzira ake kuti tidzawatenga makopewo tikawatayipe. Aliyense anabwerera ku mpingo wake. Patatha zaka zinayi ndinapita kukaona amayi amasiye, ndinapempha sutikesi ija. Titatsegula tinapeza chiswe chadya mpaka pansi, kwatsala zikuto ndi dothi. Amayi aja anangoti, ndinkadikira inu.

Mawu amenewo amandilasabe. Chiswe sichinalakwe, chinagwira ntchito yake. Olakwa ndife, amene tinaimba bwino pa maliro n'kubalalika.

Make Tadala
Mayo ine.

Mnyamata wa ku Joni
Ndiye mwandibwezera ku mfundo yanga yoyamba Abusa, koma mwaitembenuza. Tikuwerenga Grenz chifukwa a kwawo anasunga zake. Athu tinawasiyira chiswe.

Aphunzitsi a ku Zomba
Tisadzinyoze kopitirira. Pulofesa wa ku Vancouver amakhala ndi laibulale, tchuthi cholembera mabuku, ndi makampani osindikiza omudikira. Mphunzitsi wathu amaphunzitsa m'mawa, masana ali ku maliro, madzulo ali ku munda chifukwa malipiro sakwana. Komabe mabuku a Kachere ku Zomba kuno anasonyeza kuti n'zotheka, mbiri ya mipingo yathu yambiri inalembedwa kudzera kumeneko. Vuto lina ndi lakuti timaganiza kuti cholembedwa chiyenera kukhala m'Chingerezi chapamwamba, ndiye timaopa kuyamba. Mbuzi ya chindapusa ija ikanakoma m'Chichewa momwemo.

Amayi Busa
Ine kope langa la kalasi ya bambo amenewo ndikadali nalo. La Aroma, chikuto chofiira. Zolemba zanga n'zokhotakhota, ndipo masamba ena ana anajambulamo magalimoto, koma mbuzi ija ilimo. Sindinaganizepo kuti ndi chuma.

Abusa Opuma
Amayi Busa, mukunena zoona? Ine langa linapsa ndi nyumba mu 2003.

Amayi Busa
Lili m'thumba la mayunifolomu akale. Ndikalifufuza madzulo ano ndikachoka ku mapemphero.

Adikoni a ku Chipata
Kuno kuli mbusa wina wopuma amene anaphunzira nawo kalasi imodzi ndi Abusa. Ali ndi makaseti a maulaliki a pa misonkhano, mwina mawu a malemuwo alimo. Ndikamufunsa Loweruka. Koma wailesi yoimbira kaseti ndiye ndilibe.

Malume a ku Vancouver
Kuno m'masitolo a zinthu zakale zimapezeka, pamodzi ndi kachingwe kolumikizira ku kompyuta. Ndigula, ndipatsira munthu wobwera kumudzi mu Meyi.

Wachaka Chachiwiri
Kutayipa ndingathe ine, tchuthi chikubwerachi. Amayi Busa muzingojambula masamba ndi foni n'kumanditumizira, koma pa kuwala, osati usiku. Pamene sindikuwerenga bwino ndizikufunsani.

Namwino wa ku Leeds
Za bandulo ya mwanayu ndi zanga. Koma Abusa Opuma mundilonjeze kaye za BP.

Abusa Opuma
Ndapanikizika pakona. Ndipita Lachisanu, mayi akunyumba awerenga uthengawu ndipo sandisiya.

Mlembi wa Gulu
Ndalemba: kope kwa Amayi Busa, makaseti kwa Adikoni, makina kwa Malume, kutayipa kwa mwana wathu wa ku seminale. Ndidzafunsa pa 12 Epulo kuti tafika pati, ndipo ndidzatchula mayina. Mapemphero ndi 5 koloko monga mwa nthawi zonse.

Bambo a Yamikani
Abusa, ndisanapite kokadyetsa nkhuku. Buku lija ndi la chikuto cholimba, mkati munalemba dzina lanu ndi inki yobiriwira, ndipo tsamba lina lili ndi banga la palafini?

Abusa Opuma
Lomwelo.

Bambo a Yamikani
Lili kuno. Chiswe sichinalikhudze, ndinalikulunga m'pepala la pulasitiki. Ndinafika pa tsamba 40 mu 2011, Chingerezi chake chinandikula. Ndibweretsa Lamulungu pamodzi ndi tambala mmodzi.

Abusa Opuma
Tambalayo bwera naye. Bukulo upatse mwana wa ku seminaleyu, koma alembe tsiku lobweza pa gulu pano, aliyense aone.